Batire la Che Sufiyani

Kachitatu tsopano, Lachinayi linafika galimoto n'kukana kulira. Amidu, mlongo wake wa Nafisa, anapotokola kiyi, injini inangoti kho, basi. Nafisa anamasula mfundo ya chitenje momwe anamangamo tikiti ya kuchipatala ndi khadi la chipani, n'kukhala pansi pakhonde. Mapiritsi a amuna ake, Che Sufiyani, anatsala a sabata imodzi yokha, ndipo kuchipatala ku Liwonde ananeneratu kuti ena sapereka asanawaone eni ake.

Galimotoyo, yonyamulira katundu kumbuyo, anabwera nayo Che Sufiyani kuchokera ku Joni, ili ndi alamu yoopsezera mbava zakumeneko. Pa Ulongwe ponse panalibenso ina yotero. Kenako matenda anawagwetsa. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, lilime linalemera, ndipo munthu amene ankayenda mpaka ku Mangochi kukatenga mpunga anasanduka wapamphasa. Woyendetsa anakhala Amidu.

Vuto linayamba ndi alamuyo. Masana aliwonse Nafisa ali kudimba, inkalira mudzi wonse kumva. Iye ankathamanga, khasu paphewa, koma pofika inali itatonthola, mbuzi zili m'munsi mwa galimoto, bambo ali pamphasa pawo kupuma wefuwefu ngati masiku onse. Mlandu unagwera mbuzi. Amidu anadula waya wa hutala ya alamu, phokoso linatha. Batire ndiye linayamba kufa. Anathiramo madzi, anapala zoyera zapamitu pake, anakalitchajitsa ku Balaka kawiri atalimanga panjinga. Masiku asanu, lafanso.

Loweruka Nafisa anaitanitsa a Blasius, makaniko wachikulire wa pafupi ndi sitesheni ya sitima ku Balaka. Anabwera ndi basi, atanyamula batire lija, limene Amidu anakawasiyira dzulo lake, litadzaza, komanso babu laling'ono la mawaya awiri. Tiyi anakana. Anachotsa waya mmodzi pabatire n'kulumikiza babulo pakati. Anati ngati chilipo chikudya moto galimoto ili chozima, babu liyaka. Linangofiira pang'ono ngati khala lakutha. Anazula mafyuzi mmodzimmodzi, atafika pa ya alamu linazimiratu.

Nafisa anaganiza kuti zatha, koma iwo anapukusa mutu. Kamoto kotereko, anatero, sikangamalize batire pa masiku asanu. Anabwezera fyuzi ndi waya, anatsegula chitseko cha woyendetsa, anawerenga mpaka khumi, nyali zonse zinayamba kuphethira. Anamulozera kabatani kobisika kudzanja lamanja, kunsi kwa chiwongolero. Wolowa akapanda kukadina, alamu imadzuka, ndipo ngakhale aidule pakamwa imaphethiritsabe nyali mpaka itope. Kenako anayang'ana mpando, anayang'ananso Amidu, amene ndi wamfupi.

"Achimwene, mukakhala apa mapazi amafika?"

Mpando unali utakankhidwira kumbuyo kwenikweni. Wailesi inali yotsegula. Pafumbi, kuchokera pakhonde mpaka pachitseko, panali timaenje ta ndodo ndi mzere wa phazi lokokedwa, zimene Nafisa ankasesa m'mawa uliwonse osaziona.

"Mayi, galimoto ilibe mlandu," anatero a Blasius chapansipansi. "Alipo amaiyendetsa ili chiimire."

Nafisa anayang'anitsitsa timaenjeto. Anakumbukira kiyi wachiwiri, amene ankakhala m'thumba la mkanjo wa Lachisanu wa amuna ake. Anacheukira kukhonde. Che Sufiyani anali atatembenukira kukhoma.

Amidu anati nkhani yake njosavuta, awalande kiyiyo basi. Nafisa anali wotopa mpaka m'mafupa, ndipo kwa kanthawi anavomera mumtima. Koma anaganiza za mtunda umenewo, mapazi makumi awiri pa mwendo umodzi, tsiku ndi tsiku, pomwe iye akawadandaulira amuna akewo kuti aimirire pang'ono monga ananenera anamwino ankangotseka maso.

Nafisa anauza a Blasius azule alamu yonseyo, akataye kulikonse. Za wailesi anati aisiye. Kenako analamula Amidu atembenuze galimoto, mphuno iloze kutsetse lopita kumsewu, aike miyala iwiri yaikulu kutsogolo kwa matayala. Kwa amuna ake sananene kanthu. Mkanjo anauchapa, kiyi n'kumubwezera m'thumba momwemo.

Lachinayi litafika, injini inangoti kho monga kale. Nafisa anaitana amayi atatu oyandikana nawo, anachotsa miyala, n'kuika phewa kumbuyo kwa galimoto. Inayamba kutsetsereka. Amidu anafulumira kulowetsa giya yoyamba, galimoto inadumpha n'kuima. Amayi aja anadandaula misana.

Pampando wakumanzere, Che Sufiyani anagogoda ndodo yawo pansi. Milomo inavutika kaye, kenako mawu anatuluka, olemera koma omveka.

"Yachiwiri, iwe."

Anakankhanso. Pafupi ndi mtengo wa mango injini inatsokomola n'kugwira. Nafisa anaithamangira, anakwera kumbuyo, anakhala pa thumba lopanda kanthu, n'kugwira mfundo ya chitenje kuti aone ngati tikiti ilimo.