Wolawa Katemera wa a Paison

A Paison a ku Mlangeni sanali munthu womwa chinthu chosalawidwa. Kaya ndi pa mowa, pa ukwati, ngakhale pa maliro, chipanda chikawapeza ankangochiyang'ana mpaka mwini mowa ayambe wamwako. Thobwa la m'nyumba mwawo momwe, akazi awo a Zelesi ndiwo ankayamba kumwa. Zaka zonsezo palibe anawathirapo kanthu, koma iwo ankati n'chifukwa cha kuchenjera kwawo komweko.

Chimene chinatsala pang'ono kuwatenga sichinali m'chipanda. Chaka chapitacho, mu Juni, chimfine chinawagwira pamwamba pa mphumu yawo, nagona kuchipatala mpaka mbatatesi inaolera m'munda. Adokotala anauza a Zelesi mosabisa kuti china chotere chikadzabweranso, bambowo sadzadzuka.

Ndiye atalengeza kutchalitchi kuti kachipatala ka m'deralo kalandira katemera wa chimfine wa okalamba ndi odwala m'chifuwa, a Zelesi anachapira amuna awo shati n'kuwakokera komweko.

Namwino anali Veronica, mtsikana wa mawu ofatsa. A Paison anayang'ana kabokosi kake ka mankhwala ngati muli njoka.

"Mwana wanga, chimfine n'chakale ngati dziko. Katemera wakeyo wabadwa liti? Nanga bwanji mwasankha nkhalamba zokhazokha? Tikukudyerani chiyani?"

"Agogo, chimfine chimapweteka kwambiri anthu ngati inuyo. Komanso wabwera wochepa. Akatha, mpaka chaka chamawa."

"Ogulitsa nsomba pa Nsipe amateronso. Yambani mwalawa inuyo."

Veronica anati iye anabayitsa kale. A Paison anapukusa mutu: kulawa kosaonedwa si kulawa.

A Zelesi ankaopa jakisoni moti ana awo akamabayidwa kusikelo, otseka maso ankakhala iwo. Koma anapinda mkono wa bulauzi.

"Ndibayeni ine, mwanawe. Ndawalawira zambiri bambowa."

Anabayidwa akuyang'ana kudenga, misozi ili lengelenge. "Ndiyetu bwerani, bambo a Edna."

"Mankhwala enieni sapha pomwepo," anatero a Paison akutola chipewa. "Tione kaye."

Ndipo anaonadi. A Zelesi akayetsemula, a Paison khosi tuu: "Zayambika?" Mkono utatupa pang'ono, anaitana a Gibson oyandikana nawo kuti adzachitire umboni. Mayiwo akamapita kudimba, iwo ankatsata m'mbuyo kuona ngati akudzandira. M'mawa uliwonse a Zelesi ankawachonderera kuti abwerere kuchipatala, yankho n'kukhala lomwelo, loti kuona maso a nkhono n'kudekha. Zinali zoseketsa kwa anthu a m'mudzi, koma kwa a Zelesi ayi. Iwo ankaona mitambo ya chiperoni ikusonkhana kuphiri, mtima n'kumawawa.

Tsiku lina a Paison anaona akazi awo akukwera chitunda atasenza thumba la mbatatesi, osapumira. Anagwedeza mutu ngati woweruza.

"Chabwino. Ndakhutira. Mulibe kanthu."

Kuchipatala kuja anakafika atapinda kale mkono wa shati, kabandeji kasanafunike n'komwe. Veronica anawaona ali pakhomo, nkhope yake n'kugwa.

"Agogo, pepani. Womaliza tabaya dzana. Ndafunsa kwina konse, nakonso watha."

"Sakani bwino m'bokosimo."

Anawatsegulira. Munali madzi oundana okha.

Pobwerera mwera unali utayamba kuomba. A Zelesi anayenda patsogolo, mkwiyo ndi mantha zitawadzaza. Mawu akuti ndionetsetse anathetsa nkhosa anafika pakamwa, koma anawameza, poti kumbuyo kwawo anamva chifuwa chija, chouma, chimodzimodzi chaka chatha. Anaima, navula shawelo yawo n'kuwafunditsa amuna awo.

A Paison anayesa kuseka. "Komabe inu mwapulumuka, mayi a Edna."

A Zelesi anagwira pamkono pamene anabayidwa paja, ngati angamutulutse katemerayo n'kuwapatsa.

"Kupulumuka kuti ndikhale ndi yani?"