Galasi la Kunkhongo

Dzina lake lenileni anthu a mumsewu umenewo analiiwala kalekale. Onse ankangomuti Zilibwino, chifukwa ndiwo mawu amene ankatuluka pakamwa pake akamaliza kumeta munthu. Ankazimitsa mashini, n'kusasa tsitsi pakhosi ndi burashi, kenako n'kutenga kagalasi kam'manja kamene kankakhala pamsomali pafupi ndi chitseko, n'kukaimika kumbuyo kwa mutu kuti mwini mutuwo adzione kunkhongo m'galasi lalikulu lapakhoma. "Zili bwino," ankatero, osati mofunsa ayi. Ngakhale wadazi lofika m'khosi ankamva zomwezo, n'kutuluka akumwetulira.

Sikuti anabadwa wabodza. Chaka chimene anatsegula shopuyo anauzapo mayi wina kuti mwana wake ali ndi zipere. Mayiyo analalata mpaka anthu kudzaza pakhomo, ati ndi mashini anu omwewo amupatsa matendawa, ndipo mwezi wathunthu mpando unangokhala wopanda munthu. Apo m'pamene anaphunzira kuti wometa amaona zambiri, koma ntchito yake ndi tsitsi basi. Zipsera, nsabwe, mabala a ndewu za m'banja, zonsezi ankaona n'kumeza. Chizolowezicho chinamutsatira mpaka kunyumba, moti mkazi wake ankati, "Inu bambo, ngakhale denga litatigwera mudzatuluka m'fumbimo mukuti zili bwino."

Mwa onse amene ankametetsa kwa iye, wakale kwambiri anali mlamu wake, mchimwene wa mkazi wakeyo, dalaivala wa lole yonyamula matabwa. Anali chimunthu chaphokoso, choseka ndi mimba yomwe. Mkazi wa mlamuyo anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, ana anali kutali, ndipo iye ankakhala yekha m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa galaja imene ankaimikako loleyo. Ankabwera Loweruka loyamba la mwezi, n'kudziponya pampando mpaka mpando kulira.

"Alamu, muumete bwino mutu uwu," ankatero. "Ndi umene unavomera kuti mukwatire mlongo wanga, ndipo mpaka lero ukunong'oneza bondo."

"Khalani phee, alamu," Zilibwino ankayankha, "ndingadule khutu, ngakhale silimva kale."

Loweruka lina, akupinda khutu lamanzere kuti alambule m'mphepete mwa tsitsi, chala chake chinagunda kanthu. Kanali kunkhongo, m'munsi pang'ono mwa khutu, kukula kwake ngati nyemba. Zotupa anali ataziona zambiri pantchitoyi, zithupsa, timatuza ta lezala, koma aka kanali kolimba gwa, kosasuntha, ngati kamera pafupa. Anakadina pang'ono. Mlamuyo sanadzidzimuke n'komwe, anangopitiriza nkhani ya tayala limene linamuphulikira pamlatho. Zilibwino anachotsapo chala msanga. Anakumbukira mphunzitsi wina wopuma ntchito amene anali ndi kanthu kotereka pamalo omwewo, kosapweteka chimodzimodzi. Mphunzitsiyo ankametedwa pampando womwewu mpaka mwezi umene anasiya kubwera.

Atamaliza, dzanja linapita lokha pamsomali. Anaimika kagalasi kaja, koma anakapendeketsa pang'ono kuti mbali yamanzere isaoneke.

"Zili bwino," anatero.

Anadziuza kuti mwezi wamawa kakhala kataphwa. Mwezi wamawawo unafika, kanthu kaja katakula. Ndiye anachita zimene amadziwa: anasiya tsitsi lalitaliko kunkhongo konse, n'kulipesa mwaluso kuti liphimbe, ati ndi kametedwe ka masiku ano. Anali mmisiri ndithu munthuyu, ndipo luso lake lonse linathera kubisa chinthu chofunika kuonedwa.

Kenako mlamuyo anayamba kubwera pakatha masabata awiri. Posakhalitsa linakhala Loweruka lililonse.

"Tsitsi lake liti, alamu? Ndimete chikopa?"

"Ingodutsitsani mashiniwo. Ndikufuna ndizioneka ngati munthu."

Nthabwala za mlongo zija zinayamba kuchepa. Mpando unasiya kulira. Nsalu yofunditsa, imene kale zingwe zake zinkangokumana movutikira pakhosi la mlamuyo, tsopano inkamangika n'kutsala. Zilibwino ankaona zonsezi, ndipo kupendeketsa galasi kunayamba kumuvuta chifukwa chotupacho sichinkabisikanso. Tsiku lina anachotsa kagalasiko pamsomali n'kukaika mudirowa, pansi pa mapepala a malezala. Kwa onse ofunsa ankati kanagwa n'kusweka. Pakhoma panatsala msomali wokha ndi chizindikiro chozungulira pamene penti sinathe.

Mantha anali nawo, tisamunamizire kuuma mtima. Posesa tsitsi madzulo ankayeseza mawu: alamu, pali kanthu apa, mupite akakuoneni. Mawu ochepa chabe, oti mwana anganene. Koma akangoganiza nkhope ya mlamuyo ikusintha m'galasi, ndi mkazi wa iye mwini amene anali asanaiwale maliro a mkazi wa mchimwene wakeyo, mawuwo ankawabweza. Ankaona ngati akakatchula ndiye kuti wakaitana yekha. Ankati Loweruka likubwerali. Ndipo masabata akamapita, kunena kunkakulirakulira, pakuti tsopano akanayeneranso kufotokoza chifukwa chimene anakhalira chete. Akuluakulu anati zengerezu analinda kwawukwawu, koma mwambi umakoma ukamanena za wina.

Mkazi wake ankamubweretsera chakudya kushopu Loweruka lililonse masana, popeza tsikulo kunalibe nthawi yopita kunyumba. Tsiku lina anakumana ndi mchimwene wakeyo pakhomo akutuluka, ndipo anamuyang'ana mpaka anakhota pakona.

"Achimwene aja akutha," anatero akuika mbale patebulo. "Inu mumawaona pafupi sabata iliyonse. Ali bwino?"

Zilibwino anapukuta mashini amene anali atapukuta kale.

"Ali bwino. Ndi maulendo ataliataliwa."

Chakudya cha tsiku limenelo chinabwerera kunyumba chosakhudzidwa, ndipo iye ananamizira kutentha.

Loweruka lotsatira kunatentha kuyambira m'mawa. Cha m'ma 11 koloko benchi la odikira linali lopanda munthu, ndipo ntchentche imodzi inkangodzigunditsa pagalasi lalikulu. Mlamuyo analowa kolala ataimika, n'kukhala pampando mosamala ngati mlendo. Sanatchule za mutu wonong'oneza bondo. Zilibwino atapinda kolalayo anaona kuti chotupa chija chafika ngati dzira la nkhunda, khungu lake likunyezimira, ndipo m'munsi mwake mwatuluka china chaching'ono. Anayatsa mashini. Anadutsitsa apa ndi apo, n'kuzimitsa, n'kusasa ndi burashi. Kenako anangoima.

Mlamuyo anadikira. Maso awo anakumana m'galasi.

"Simunanene, alamu."

"Chiyani?"

"Mawu anu aja." Anayesa kuseka, koma kusekako kunathera panjira. "Inu mukuganiza kuti ndimabwerera tsitsi? Ndimabwerera mawu amenewo."

Zilibwino anagwira mpando kumbuyo.

"Pali kanthu kunkhongo kuno," mlamuyo anapitiriza. "Ndimakamva ndikamasamba. Kunyumba kulibe wondionera, mukudziwa. Akanakhalapo akazi anga aja bwenzi atandikokera kuchipatala ndi khutu. Miyezi inayi yapitayo kuntchito kunabwera anamwino kudzayeza madalaivala. Mmodzi anakagwira, nkhope yake sindinaikonde, n'kundilembera kalata yoti ndipite kuchipatala chachikulu sabata yomweyo. Ndinachita mantha, alamu, ine chimunthu chonsechi. Ndiye ndinati ndidzere kaye kwa alamu anga. Iwo agwira mitu yosawerengeka, amakaona ndi maso pamene ine ndimangopapasa, komanso ndi m'bale wanga. Kakakhala koipa anena. Munati zili bwino. Kalata ija ndinaiponya pansi pa mpando wa lole. Kuyambira pamenepo mantha akandigwira ndimabwera kuno, mumanena, ndimapita kukagona mtima uli m'malo."

Kunja kunadutsa njinga yamoto, phokoso lake n'kuzimiririka. Zilibwino anamva manyazi amene anali asanawamvepo chibadwire. Iye ankayesa kuti wangokhala chete, osadziwa kuti sabata iliyonse ankayankha funso.

Anatsegula dirowa, n'kusuntha mapepala a malezala, n'kutulutsa kagalasi kaja. Kanali kathunthu, kopanda ngakhale mng'alu. Mlamuyo anakayang'ana, n'kuyang'ana msomali wapakhoma. Zilibwino anapesera tsitsi lija m'mwamba, n'kuimika galasilo molunjika, mbali yamanzere yonse poyera.

Mlamuyo anayang'ana nthawi yaitali. Anakweza dzanja pansi pa nsalu ngati akufuna kugwira, n'kulibweza.

"Sizili bwino, alamu," Zilibwino anatero. "Sizili bwino ngakhale pang'ono."

"Munakaona liti?"

Bodza linafika palilime lokha, monga mmene dzanja linkapitira pamsomali. Analimeza.

"Tsiku lija munkakamba za tayala."

Mlamuyo anawerenga miyeziyo chamumtima, milomo ikugwedera pang'ono. Inali isanu. Ndiye kuti kalata ija inali isanalembedwe n'komwe. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anamasula yekha zingwe za nsalu, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika pampando.

"Paja amati wakutsina khutu ndi mnansi," anatero motsitsa. "Inu khutu langa mwaligwira Loweruka lililonse." Anatenga chipewa chake. "Tsekani shopu, mundiperekeze. Tidzere kugalaja, kalata ija mwina ikadalipo. Koma mlongo wanga mukamuuza ndinu. Zonse, ndi za galasi zomwe."

Zilibwino anazimitsa magetsi, n'kukoka chitseko chachitsulo. Zaka zonsezi anali asanatsekepo Loweruka dzuwa lili paliwombo. Atatembenuka anaona mkazi wake akubwera mumsewu, mbale zitamangidwa m'kansalu, akukupiza dzanja kwa mchimwene wake ali patali.

"Mukutseka masana ano?" anafunsa atafika, akuyang'ana wina kenako mnzake. Kumwetulira kunayamba kuchoka pankhope pake. "Bambo, zili bwino?"

Mlamuyo anasunthira pambali, n'kumusiyira malo.