Lamba wa m'Chipinda Chomaliza

Mayi N'chiyani anaima pageti la nyumba yosungirako okalamba kwa mphindi makumi awiri asanamutsegulire. Mlonda anamuona bwinobwino, koma anayamba wapita kukasaka makiyi amene ankalendewera m'chiuno mwake momwemo. Dzina lakelo anamupatsa ndi antchito a m'nyumba zimene ankayendera, chifukwa akalowa m'chipinda ankangoloza ndi cholembera n'kufunsa kuti, "N'chiyani ichi?" Iye ankalidziwa dzinalo ndipo silinkamusowetsa tulo. Ntchito yake inali yoona ngati okalamba akusungidwa bwino, ndipo pa zaka khumi ndi chimodzi palibe amene anamulandirapo ndi manja awiri.

Atalowa anapeza pansi pali chinyezi, fungo la mankhwala okolopera likutsamwitsa. Mphindi makumi awiri zija zinali zitagwira ntchito yake.

A Metroni, oyang'anira nyumbayo, anamudikirira pakhomo la ofesi atapinda manja.

"Anzanu amayamba aimba foni," anatero.

"Anzanga amabwera pa ulendo wa chaka ndi chaka. Ine ndabwera chifukwa cha dandaulo."

"La ndani?"

"Zimenezo sindinena."

"Ndiye yendani. Mpando wokupatsani ndilibe, yonse akhalira eni ake."

Anayenda. Chozimitsira moto cha pakhonde chinali chitatha mphamvu chaka chatha. Belu loitanira thandizo la m'bafa silinkalira. Kukhitchini, atatsegula fuliji kuti aone ngati ikuzizira mokwanira, wophika anamenyetsa chivundikiro pasinki n'kunena kuti, "Lowetsani ndi mutu womwe, mayi, mwina mtima ungakuzizireniko." Mayi N'chiyani analemba zonse. Koma si zimene anadzera. Mayi wa mawu osasa amene anaimba foni ku ofesi Lachiwiri sanatchule dzina lake. Anangoti, "Chipinda chomaliza kumanzere. Mukawaimiritse agogowo."

M'chipindamo munali mabedi awiri ogundizana ndi makina osokera ophimbidwa ndi nsalu. Pafupi ndi zenera panakhala agogo aakazi, aang'ono thupi ngati mwana wa sukulu, tsitsi lopesedwa bwino, bulangete lili pamiyendo. Mayi N'chiyani anawapatsa moni. Agogowo anamwetulira, maso awo akuyang'ana kwina. Iye anakweza bulangetelo pang'ono.

M'chiuno mwawo munadutsa lamba wa nsalu yolimba yabuluu, wotambalala ngati chikhatho, mkati mwake atayalamo siponji. Msoko wake unali wowongoka ngati wa pajekete yaukwati. Lambayo anazungulira mpando n'kukamangidwa kumbuyo ndi mabatani anayi, kumene manja a agogowo sakanafika.

"N'chiyani ichi?"

A Metroni sanachedwe. Anatembenukira wosamalira okalamba amene ankadutsa ndi beseni, mayi wojintcha wa zaka ngati makumi anayi.

"Iwe, tabwera kuno. Chipinda chino ndi chako. Ndinakuuza liti kuti uzimanga anthu ngati mbuzi?"

"Ine, a Metroni? Ine ngakhale ulusi sinditha kulowetsa pasingano."

Mawuwo anali osasa. Mayi N'chiyani anawazindikira nthawi yomweyo, ndipo anaweramira pafomu yake kuti nkhope isamuulule. Wosamalirayo anamuyang'ana ndi diso loipa kuposa la wophika uja.

"Musiyeni mwana wa eni ake. Ndinasoka ndine."

Pakhomo panaima bambo okalamba, aatali, dzanja lina lili pandodo, lina litanyamula kapu ya tiyi. Anali amuna awo a agogo aja, ndipo nyumba yonse inkawatchula kuti a Telala. Anaika kapuyo patebulo mosamala, kenako anaima pakati pa mlendoyo ndi akazi awo.

"Bambo, lamulo sililola kumanga munthu pampando."

"Lamulo lanulo linamudzutsapo pansi? Wagwa katatu mkazi wangayu. Amaiwala kuti miyendo inamukana, amangodzuka kuti akatsegulire ana amene anakula kalekale. Ulendo womaliza anagona pasimenti pano kuchokera masana mpaka folo koloko, mkono utathyoka. Ine ndinalephera kumunyamula. Ndinakuwa mpaka mawu kutha. Atsikana antchito awiri okha, anthu makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi. Inu tsiku limenelo munali kuti?"

"Ndinalibe uthenga, bambo."

"Ndiye lero uthenga mwaupeza. Chisokereni lamba ameneyu sanagwenso. Ndimam'manga ndekha m'mawa, ndimam'masula ndekha madzulo. Lembani dzina langa, mukandimangitse."

Mayi N'chiyani anali ataonapo zambiri pa ntchitoyi. Anaonapo zingwe zoyanikira zovala, anaonapo nsalu zofunda zomangidwa mfundo yolimba ndi antchito otopa ndi aukali. Koma lamba woyalidwa siponji kuti munthu asamve kuwawa anali asanamuonepo. Cholembera chinamulemera. Akanatha kulemba mawu ofewa, kulangiza kuti abweretse mpando woyenera, n'kuwasiya awiriwo ndi tiyi wawo. Koma woimba foni uja sanati akaone lamba. Anati akawaimiritse.

"Ndikufuna tiwadzutse."

"Simumukhudza." A Telala anapingasa ndodo.

"Pepani bambo, ndiwakhudza."

"Wakulera ndani iwe? Kwanu kulibe akuluakulu?"

Wosamalira uja anaika beseni pansi. Sanayang'ane a Metroni. Anazungulira kuseri kwa mpando n'kumasula mabataniwo limodzilimodzi, akung'ung'udza kuti anthu a m'maofesi amangobwera kudzachedwetsa ntchito. Awiriwo anagwira agogowo m'khwapa n'kuwakweza. Agogowo analira kamawu kakang'ono ngati ka mwana wa mphaka, ndipo fungo limene mankhwala okolopera anabisa linadzaza chipinda.

Mayi N'chiyani anavala magolovesi n'kumatula bandeji yonyowa imene inali kumunsi kwa msana. Chilondacho chinali chachikulu ngati kamwa la kapu, chakuda m'mphepete, chakuya moti sanafune kuganiza kuti chalekezera pati.

A Telala anasendera pafupi. Maso awo anali ofooka, choncho anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda. Anakhala choncho nthawi yaitali.

"Chayamba liti?" anafunsa, osatembenuka.

Mayi N'chiyani anafunsanso funso lomwelo, akuyang'ana a Metroni.

"Zilonda za okalamba zimabwera n'kupita," anatero a Metroni. "Tikuchitsuka."

"Milungu isanu," anatero wosamalira uja, akulankhula ngati wina akumukoka mawu pakhosi. "Tikamawasambitsa bambowa amakhala panja. Munthu akakhala malo amodzi tsiku lonse, khungu limafa. Kale tinkabwera kudzawasuntha poopa kuti agwa. Chibwerereni lambayu aliyense amati chipinda chino chili bwino, ali ndi amuna awo."

A Telala anakhala pabedi mwadzidzidzi. Anayang'ana manja awo.

Mayi N'chiyani anatuluka pakhonde n'kuimbira ambulansi. Atabwerera anapeza bambowo atavala kale chipewa.

"Ndikupita naye."

"Akagonekedwa kuwodi ya amayi, bambo. Simungagone kumeneko. Muzikawaona nthawi ya alendo."

"Masiku angati?"

"Sindikudziwa. Mwina milungu."

"Mwina osabwerako."

Mayi N'chiyani sanawanamize. Anangotseka cholembera chake.

"Zaka makumi asanu ndi ziwiri sitinagonepo nyumba zosiyana," anatero a Telala mwaukali. "Apongozi anga anayesetsa kutilekanitsa mpaka analowa m'manda atalephera. Iwe wangobwera ndi kacholembera kako, m'mawa umodzi wokha, watha. Ukagone bwino lero."

Mawuwo anamulowa, koma nkhope yake sinasinthe. Anayamba kuwauza kuti cholakwa si chawo, kuti nyumbayi ndiyo inayenera kukhala ndi antchito okwanira. A Telala anakweza dzanja kumuletsa.

"Chisoni chako ukapatse ena."

Mu ofesi Mayi N'chiyani anawerengera a Metroni zimene analemba, ataimirira popeza mpando panalibe. Nyumbayo isalandirenso munthu watsopano. Dokotala aone khungu la wokalamba aliyense pofika mawa. Pasanathe masiku asanu ndi awiri antchito awonjezeredwe, apo ayi chiphaso chilandidwa.

"Mukatitseka, anthu onsewa mukawasunga kwanu?" anafunsa a Metroni. "Eni nyumba ndawapempha antchito kangati? Inu mumalemba n'kumapita. Wotsala ndi matewera ndine."

"Zimenezonso ndalemba, ndipo eni nyumbawo ndiwaitana. Koma chilonda munachibisa ndinu. Ndibweranso Lachisanu, ndipo ndidzafuna kupeza antchito onse amene ndawapeza lero. Onse."

A Metroni anamutsegulira chitseko mwamphamvu mpaka chinagunda khoma.

Ambulansi itafika, okalamba amene ankatha kuyenda anatuluka m'zipinda n'kuima m'mbali mwa khonde. Palibe anayang'ana machira. Onse ankayang'ana Mayi N'chiyani, ndipo mayi wina wopanda mano analavula pafupi ndi nsapato yake. A Telala anayenda pambali pa machirawo atagwira chala cha akazi awo mpaka pakhomo la galimoto. Litatsekedwa anaima pomwepo, msana atalozetsa kwa Mayi N'chiyani.

"Sadya ngati wina sanayambe walawa," anatero, ngati akuuza khoma. "Amaganiza kuti ana sanadye. Umalawa kaye, n'kumuuza kuti onse akhuta. Ukapanda kutero angofa ndi njala mbale ili patsogolo."

Kenako anatembenuka n'kumuyang'ana m'maso.

"Lembatu. Si kulemba kumene umatha?"

Mayi N'chiyani anatsamiritsa kalata yopita kuchipatala pagalasi la ambulansi. Pamwamba penipeni, pamwamba pa dzina la wodwala ndi pa mawu onse a chilonda, analemba ndi zilembo zikuluzikulu zimene bambowo ananena, osasintha liwu ndi limodzi lomwe. Anawaonetsa. A Telala anayandikitsa pepalalo kumaso, nawerenga pang'onopang'ono milomo ikugwedera, kenako analipereka okha kwa dalaivala.

Sanamutsanzike. Analowa m'nyumba, ndodo ikugogoda pasimenti, kulunjika kuchipinda chomaliza kumanzere.