Mwanabele wa Sanal

Tsiku lachiwiri la kudwala kwake Sanal sanapite kobusa nkhosa. Thupi linatentha ngati mbaula, ndipo m'khwapa munatuluka mwanabele wonga dzira la nkhuku. Mkazi wake, Kermen, anakumbukira gologolo wakuuna amene galu anabwera naye atafa kale, Sanal n'kukamutaya ndi manja.

"Ndi chithupsa chabe ichi, mayi," anatero Sanal, mano akugundana. "Nditheka ine."

Kermen anakakhala pakhomo. Masana a kuno ku Kalmykia amanamiza maso. Kutali udzu umayandama ngati madzi. M'menemo anaona ngamira zitandondozana, monga zimene anaziona m'buku lina ali pasukulu. M'mbuyo mwake munali mizinda yopanda utsi, zitseko zili pululu, tirigu akuwolera m'minda wopanda womukolola. Aphunzitsi ankati mliri wakuda unadutsa m'zigwa zomwezi n'kukapululutsa anthu ku Ulaya konse.

"Wabweranso," ananong'ona. "Ndipo wayambira m'nyumba mwanga." Anatsimikiza zosauza munthu, kuopa kuti anansi angawathawe ngati otembereredwa.

Phokoso la njinga yamoto linamudzidzimutsa. Anali Gilyana, namwino wa m'dera lathu, akudutsa kuchokera kokapereka katemera.

"Achemwali, mwakhala ngati mwaona mzukwa bwanji? Tiyi wamkaka uja lero kulibe?"

Kermen anafuna kunama, koma Sanal anabuula m'nyumba. Gilyana anavala zodzitetezera kumanja ndi kukamwa, n'kulowa. Kermen atamuuza za gologolo uja, Gilyana anatuluka akuimba kale foni kuchipatala.

"Zikuoneka ngati chaola," anatero. "Utitiri wa nyama ija unamuluma."

"Ndiye tatha tonse! Mliri uja!"

"Ayi, khalani pansi. Mukuphatikiza zinthu ziwiri. Chaola ndi matenda. Kachirombo kake kamakhalabe m'makoswe ndi agologolo mpaka lero. Mliri wakuda ndi zimene zinachitika zaka zoposa mazana asanu ndi limodzi zapitazo, pamene matendawa anapeza anthu osadziwa za utitiri, opandanso mankhwala. Moto wa pachitofu chanu ndi lupsa lotentha chigwa chonse n'zofanana?"

"Koma moto ndi womwewo."

"Eya, n'chifukwa chake sitiuseweretsa. Chaola chimapha mukachibisa. Mukafulumira, mankhwala alipo, munthu amachira."

Galimoto ya chipatala inafika dzuwa lisanapendeke, n'kumutenga Sanal. Kermen naye anapatsidwa mapiritsi oti amwe masiku asanu ndi awiri. Azaumoyo anathira mankhwala ophera utitiri m'nyumba, m'khola, ndi pa galu yemwe. Anansi anauzidwa zoona zake, ndipo palibe anathawa. Ochir wa khola loyandikana anatenga nkhosa za Sanal n'kumazidyetsa pamodzi ndi zake.

Patatha milungu iwiri Sanal anabwera, atawonda, akudandaula kuti kuchipatala tiyi sathira mchere monga timachitira kuno.

"Munthu wa chithupsa uja wafika," anatero Kermen, akuseka misozi ili m'maso. Palibe wina aliyense amene anadwala.

Tonsefe tidziwe: mliri wakuda unapita kalekale, koma chaola chilipobe ndipo chimachizika. Osagwira nyama yofa yokha. Mukamva malungo amphamvu ndi mwanabele wopweteka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Kubisa n'kumene kumasandutsa matenda a munthu mmodzi kukhala mliri.