Ana a Fomu 1 Atasanduka Nthunzi

Maloto a Lachiwiri lapitali sakundichokabe m'mutu. Masiku amenewo ndinali nditatopa ndi kalasi langa la Fomu 1. Ndikanena kuti chinthu chilichonse chinapangidwa ndi tizinthu tosaoneka totchedwa maatomu, ana ankangondiyang'ana ngati ndikuwanamiza.

Ndinalota ndili pabolodi ndikuthyola choko. Ndinachithyola pakati, kenako pakatinso, mpaka chinasanduka fumbi, koma zala zanga sizinkaleka. Fumbilo linkanjenjemera m'manja mwanga, lofunda ngati mwanapiye. Nditatembenuka, m'kalasimo madesiki munalibe. Ana onse anali atathithikana phewa ndi phewa, akunthunthumira pamalo amodzi. Kenako anayamba kuyenderera ngati madzi kutulukira pakhomo, nsapato zanga n'kunyowa. Dzuwa litawomba, anakwera m'mwamba mmodzimmodzi ngati nthunzi, akuseka.

Anatsala Tadala yekha, mtsikana amene chiyambireni teremu anali asanayankhulepo m'kalasi. Anandigwira dzanja nati, "Madamu, musaope. Anzanga sanasowe, angotalikirana."

Ndinadzuka m'kamwa mukumveka mchere. Kaya kunali kutopa chabe, kaya pali chimene ndinkauzidwa, sindikudziwa. A Phiri, aphunzitsi anzanga, anati ndinakhuta nyemba basi.

Komabe m'mawa mwake ndinatulutsa ana pabwalo. Ndinawauza kuti athithikane ngati mwala, kenako ayende ngati madzi. Tisanafike pa nthunzi, Tadala anakweza mkono.

"Madamu, ndiye kuti inenso ndinapangidwa ndi tizinthu timeneti?"

Ndinamuyankha kuti eya. Anzake akuthamangathamanga, iye anaima poteropo, akutembenuza dzanja lake pang'onopang'ono, akumwetulira.