Mpira wa Malume Teunis

Wessel Brinkhuis anali chigwadire m'kachipinda ka kudenga, akugubuduza makatoni ngati munthu wosaka khoswe, pamene foni inaliranso m'thumba mwake. Anali Dineke, mwana wamkazi wa Malume Teunis.

"Wessel, uli pati kodi? Anesi akuti wofuna kuwaona bambo abwere lero, asadikire mawa. Ndiye chidzukireni akungonena chinthu chimodzi basi. Mpira, mpira."

"Ndikubwera nawo, Dineke. Ndili panjira."

Bodza lamkunkhuniza! Panjira pati, munthu fumbi lili mbuu m'mutu, mpirawo osauona?

Sunali mpira wamba ayi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, msilikali wina wa ku Canada anasiyira anyamata a mumzinda wawo, m'mbali mwa mtsinje wa IJssel, mpira wachikopa wa basiketibolo. Teunis, wamng'ono mwa onsewo, ndiye anabowola pansi dengu la mbatata n'kulikhomerera pakhoma la fakitale. Kalabu ya Brugwachters inabadwa choncho. Kuchokera pamenepo dzina linasintha kambirimbiri, poti kampani imene yagula mayunifomu ndiyo inkapatsa timu dzina. Anatchedwapo dzina la majarini, la sitolo ya makapeti, mpaka la mankhwala ochapira. Mitundu ya malaya inasintha, holo yakale inagumulidwa, zikho zina zinasowa posamuka. Chimene sichinasinthe ndi mpirawo. Chaka chilichonse, masewera akamayamba, Teunis ankauponya m'mwamba pakati pa bwalo anthu onse ataimirira. M'kalabumo palibe anali naye pachibale, koma kalabu yonse inkamutcha malume.

Tsiku limene holo inagumulidwa, Malume Teunis anapereka mpirawo kwa Wessel pamaso pa anthu.

"Iwe kusewera sunkatha, tisanamizane," anatero mkuluyo. "Koma sutaya zinthu."

Mawu amenewo ndiwo ankamuwotcha Wessel pamene ankatsika makwerero.

Panja panali phokoso la tsiku lakubadwa kwa mfumu. Msewu wonse unali utavala olenji, mtundu wa banja lachifumu, aliyense atayala zakale za m'nyumba mwake pakhonde kuti agulitse, monga mwa mwambo wa tsikulo. Mkazi wake, Hanneke, anali atakhala pampando wopinda, pamalo amene analemberatu ndi choko dzulo lake, chipewa cha olenji chili pamutu, akudya keke.

"Hanneke, chikwama chofiira chija chili kuti?"

"Cha zipi yakufa chija? Chinapita kalekale, m'mamawa. Unali ukadali mkonono."

"Chinapita kuti?"

"Kumene zimapita zogulitsidwa, bambo. Si iwe unanena kuti zonse za kumanzere kwa makwerero ndichotse?"

"Munali mpira mmenemo!"

Keke inaima panjira yopita kukamwa. "Mpira uti? Wa malume umakhala m'bokosi lagalasi."

"Ndinausamutsa denga litayamba kudontha. Ndinaukulunga m'thawulo, ndinauika m'chikwama."

"Osandiuza?"

"Nanga iwe umagulitsa chikwama osatsegula?"

"Ndinatsegula, ndinaona thawulo lonunkha, ndinatseka! Zaka zonsezi ndakhala ndi kalabu yako pamwamba pa mutu wanga, lero ndiye ndizinunkhizanso mathawulo ake?" Koma poona nkhope ya mwamuna wake, Hanneke anavula chipewa chija. "Wessel, kwagwanji?"

"Malume akutsirizika. Akuufuna lero."

Hanneke anaimirira, keke n'kugwera pansi. Anati wogulayo anali bambo wamtali wa ndevu zoluka, wokwera njinga ya bokosi kutsogolo, mmodzi wa aja amazungulira kusanache kutola zabwino anzawo asanadzuke. Analowera cha kumsika waukulu.

"Thamanga. Ine ndifunsa mbali ino," anatero Hanneke.

Kuthamanga kwake kuti pa tsiku ngati limenelo? Njinga yake Wessel anaisiya pakona, poti panalibe poponda. Anthu anali thithithi, oimba malipenga uku, ana okanda vayolini uko, fungo la mowa ndi nsomba zokazinga lili ponseponse. Wessel, bambo wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi amene bondo lake linafa kale, ankakankha anthu ndi zigongono, maso ali pansi, akuyang'ana mphasa iliyonse. Nsapato zakale, mbale zosweka m'mphepete, zidole zopanda mitu. Zinyalala za mzinda wonse zinali panja tsiku limenelo kupatula chinthu chimodzi chokha.

"Mwaonako bambo wa ndevu zoluka? Wa njinga ya bokosi?"

"Achimwene, lero aliyense ali ndi ndevu za olenji. Imwani kaye kamodzi, mumuona!"

Anaseka anthuwo. Wessel anafuna kulira. Foni inanjenjemera m'thumba, iye osayerekeza kuiyankha.

Wa ndevu uja anamupeza dzuwa litapendeka, kuseri kwa tchalitchi chachikulu, atayala katundu wake pa matebulo awiri. Chikwama chofiira chinali pansi pa tebulo, chili pululu.

"Munali mpira umu," anatero Wessel, mpweya ukumuthera. "Wachikopa, wakuda ndi ukalamba."

"Unalimo, eya. Wapita."

"Wapita kuti? Bambo, chonde, ndikugwadirani pompano. Munthu akufa."

"Aliyense akafuna chinthu chake chibwerere amati munthu akufa," anatero wa ndevuyo akutokosa m'mano. Koma atamuyang'anitsitsa anafewa. Anasuzumira m'bokosi la njinga n'kutulutsa mpira wina wachikopa, wakalenso ndithu. "Tengani uwu. Mpira ndi mpira. Wodwala adziwa bwanji?"

Wessel anaulandira, n'kuutembenuza m'manja. Mtima unamuuza kuti tenga, thamanga, maso a malume anafa kale. Koma zala zake zomwe zinkafunafuna chinthu chimene panalibe. Mpira weniweniwo unali ndi chipsera. Unang'ambika pa msomali wa dengu lija chaka choyamba, ndipo Teunis anausoka yekha ndi ulusi wa nsapato, msoko wokhotakhota wonga nyongolotsi. Asanauponye m'mwamba chaka chilichonse, chala chake chachikulu chinkayamba chasisita pamenepo.

"Adziwa," anatero Wessel, akubweza mpirawo.

"Ndiye pitani pamlatho. Pali mayi wogulitsa maluwa. Koma fulumirani, mayi amene uja ali ndi mpeni."

Mpeni? Wessel sanafunse. Anamvetsa atafika.

Pamlatho, mayi wina wachitsikana wovala ovolosi anali atamanga chingwe pakati pa mizati iwiri. Pachingwepo pankalendewera mipira yodulidwa pakati, ya miyendo, ya manja, iliyonse itamangidwa ndi tizingwe titatu, m'kati muli dothi ndi maluwa. Anthu ankaima n'kumati, "Koma ndiye nzeru!" Chakumapeto kwa chingwe kunali theka lachikopa chakuda, maluwa ofiirira akugwedera m'kati mwake.

Wessel anasendera pafupi nalo.

"Mwaukonda umenewo?" anafunsa mayiyo mosangalala. "Chikopa chenicheni. Unavuta kudula bwanji! Theka linzake lapita kale, anagula alendo ena a pa sitima."

"Mwadula," anatero Wessel. Mawu anatuluka ngati a mwana. "Mayi, mwadula kalabu yathu."

"Pepani, mwati chiyani?"

Wessel anangotambasula manja, n'kutembenuza thekalo pang'onopang'ono pachingwe pake, akupemphera kwa Mulungu amene iye anali atamuiwala chikwatirireni. Mbali yoyamba, chikopa chosalala. Mbali yachiwiri, chosalala. Kenaka chala chinakhudza tinthu tokakala. Msoko uja unalipo, wathunthu, mpeni utadutsa pafupi nawo kwambiri.

Mayiyo ataona misozi ikutsikira m'masharubu a bambo wamkulu, anasiya kumwetulira. Anamasula tizingwe tija, n'kukhuthulira maluwa ndi dothi m'chidebe.

"Tengani, bambo. Sindinadziwe. Madzi akatayika saoleka, koma tengani."

Wessel anatsuka thekalo pampope wa pamsika, analipukuta ndi malaya ake, n'kulibisa m'jekete. Lopanda dothi linali lofewa ngati chipewa chakale. Njira yonse yopita kunyumba yosamalira odwala, kutsidya kwa mtsinje, ankayeseza mawu. Malume, ndalakwa. Malume, denga linkadontha. Malume, munasankha munthu wolakwika. Palibe mawu amene anakwana.

Dineke anamuchingamira pakhomo la chipinda, maso ali psuu.

"Tsiku lonse, Wessel! Uli kuti mpirawo?"

Anatsegula jekete. Dineke anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Wautani?"

"Ndidzakuuza. Unditukwane mawa, ndidzaima chilili. Ali maso?"

"Sungawapatse chimenecho. Ukufuna apite ndi chisoni?"

"Ndi Wessel ameneyo?" Mawu anachokera pabedi, ang'onoang'ono ngati a munthu ali kutali. "Wachedwa. Ngakhale pabwalo unkachedwa."

Malume Teunis anali atatha. Munthu amene ankagwira mpira ndi dzanja limodzi anali atagona chagada, maso otseka, manja ali pabulangete ngati timitengo touma. Panja, chapatali, malipenga ankamvekabe.

"Ndabwera, malume."

"Wabwera nawo?"

Wessel anayang'ana Dineke. Dineke anayang'ana kukhoma. Pamenepo Wessel anakokera mpando pafupi ndi bedi. Analowetsa dzanja lake lamanja m'kati mwa theka lija, anatambasula zala zonse kuti chikopa chikungike, n'kuliika pamimba pa mkuluyo, mbali yozungulira ili m'mwamba, yodulidwayo yamira m'bulangete. Ndi dzanja lamanzere ananyamula dzanja la malume n'kuliika pamwamba.

Zala zouma zija zinayamba kuyenda. Zinasisita chikopa, zinabwerera, zinafunafuna. Chala chachikulu chitafika pamsoko chinaima, ndipo milomo ya mkuluyo inagwedera.

"Ndi womwewo," ananong'ona. "Ndinasoka ndi ulusi wa bambo anga. Anandikwapula chifukwa cha ulusi umenewo."

Kenaka zala zinayamba kutsetsereka, kutsikira m'mbali, kulowera kumene mpeni unadutsa. Wessel anasiya kupuma. Akanatha kugwira dzanjalo, koma la kumanzere linangouma pamalo pake.

Dineke ndiye anasuntha. Anabwera mbali ina ya bedi, n'kukweza bulangete mofatsa, kulipinda mozungulira mpirawo mpaka m'mphepete monse munabisika.

"Mukuzizidwa, bambo," anatero.

Zala zinakumana ndi bulangete, zinakhala pamenepo kanthawi, n'kubwerera pamwamba. Kaya zinali zitamva kanthu, kaya ayi, Wessel sanadziwe ndipo sadzadziwa. Malume anadinikiza chikopacho ndi chala, monga ankachitira poyesa mpweya masewera asanayambe. M'kati, Wessel analimbitsa dzanja lake ndi mphamvu zonse.

"Ukadali ndi mpweya," anatero mkuluyo. "Wausunga bwino, mwana iwe."

Wessel anaweramitsa mutu pabedi kuti kulira kwake kusamveke.

"Usauchotse."

"Sindichotsa, malume."

Dzuwa linasuntha pakhoma. Zala za Wessel zinayamba kuwawa, kenaka dzanzi linakwera mpaka paphewa, mkono wonse ukunjenjemera. Namwino analowa, anaona, n'kutuluka mwakachetechete. Dineke anamunong'oneza kuti bambo agona tulo, atha kupumitsa dzanja pang'ono, iye amugwirira.

Wessel anapukusa mutu. Dzanja la malume linali likadali pamsoko, ndipo nthawi ndi nthawi chala chija chinkadinikiza pang'ono, ngati chikufunsa. Nthawi iliyonse chikadinikiza, chinkapeza mpira uli wolimba.