Dovu pa Mkeka wa Jabiri

Mphuno ya a Kulusumu inkadziwika gombe lonse la nyanja ya Chiuta. Ankatha kununkhiza nsomba yoti iwola mawa, ndipo mpongozi wawo Yunike ankaiopa mphunoyo kuposa mkwiyo wa mwamuna wake.

Yunike analowa Chisilamu pokwatiwa ndi Jabiri, mwana wa a Kulusumu, ndipo anaphunzira zonse mosanyinyirika. Chimene chinamukanika n'kuthamangitsa galu wa malemu bambo ake, amene anamulondola maliro atatha. Jabiri analola kuti galuyo azigona kuthandala loyanikapo nsomba, poti akuba ankamuopa. Koma ananena kamodzi, ndipo sanali munthu wobwereza mawu, kuti tsiku limene galu adzaponde m'nyumba mwawo, momwe iye amapemphereramo, Yunike adzatuluka naye limodzi.

Tsiku lina m'mawa, Jabiri atapita kumsika ndi nsomba panjinga, Yunike anabwera kuchokera kuchitsime n'kupeza chitseko chotsegula. Fungo ndilo linamuchingamira. Mkodzo unali utayenderera pasimenti mpaka kunsi kwa sofa, ndipo dovu linali nyambinyambi pamakhushoni ndi pamkeka umene Jabiri ankapemphererapo. Mwana wawo Shakila, wa zaka zinayi, anali pakona akusisima, atagwira dzanja. Panali kabala kakang'ono, kosatuluka n'komwe magazi ambiri.

Galuyo anali kunsi kwa tebulo, chibwano chili lende. Yunike anamuitana dzina, koma anangomuyang'ana ngati mlendo. Atamuopseza ndi tsache, anatuluka akudzandira n'kulowa m'munda wa chinangwa.

Apa munthu wina akanaganiza za galuyo. Koma mantha ali ndi diso limodzi, ndipo la Yunike linali pasimenti. Anapukuta mkodzo ndi chiguduli, n'kuwazapo phulusa kuti limwe chinyezi. Kenako anatsuka monga anamuphunzitsira apongozi ake omwewo: madzi osakaniza ndi dothi choyamba, madzi oyera pambuyo, mobwerezabwereza. Mkekawo anautsuka chimodzimodzi. Makhushoni anawasolola nsalu, n'kuzichapa ndi sopo ndi mandimu, thonje lake n'kuliyanika padenga. Fungo linakakamirabe m'miyendo ya sofa, choncho anakagula kabotolo ka lishivya, mankhwala oyeretsera, kukagolosale ka Stélio n'kupala thabwalo ndi mpeni mpaka linayera. Pomaliza anafukiza lubani.

Mwana uja Yunike anamukumbukira ntchito itatha. Anamusambitsa dzanja, n'kumukhazika pamiyendo ndi kumuloweza mawu mpaka anawagwira: galu sanalowe, yandibaya ndi minga.

A Kulusumu anafika madzulo. Anaima pakati pa nyumba, mphuno m'mwamba. Mayiwo anangoti nyumba yayamba kununkhira ngati ya anthu. Jabiri atabwera anayala mkeka wake n'kugunditsapo mphumi. Galu sanabwere kudzadya, ndipo Yunike anagona osapeza tulo.

Kutacha kunamveka phokoso kugombe. Galu uja anali ataluma mbuzi ndi msodzi wina, ndipo amuna anapha galuyo ndi nkhafi. Posakhalitsa a Bwanausi, mlembi wa mudzi, anayamba kuyenda khomo ndi khomo. Ankanena kuti ndi chiwewe, ndipo aliyense amene walumidwa kapena kunyambitidwa pabala akwere njinga zamoto zimene zinkadikira pansewu, akabayidwe jekeseni kuchipatala lero lomwe. Munthu akangoyamba kuopa madzi, anatero, mankhwala ake palibe.

Atafika pakhomo pa Jabiri, anthu anali atawaunjirira kumbuyo, poti onse ankadziwa kumene galuyo ankagona. Jabiri anayankha mosatekeseka kuti galuyo sanayandikirepo khonde lake.

Yunike anayang'ana dzanja la mwana wake. Kenako anatulutsa mawu.

"Analowa, bambo a Shakila. Dzulo. Anamuluma mwanayu padzanja, ine ndinatsuka."

A Kulusumu ndiwo anayamba kuseka. Anati iwo analowamo dzulo lomwelo, ndipo mphuno yawo sinanamepo chibadwire. Analowetsa a Bwanausi kuti adzinunkhizire okha. A Bwanausi anawerama pasofa, anatembenuza khushoni, anagwada pasimenti. Munali lubani ndi mandimu basi. Yunike anali atagwira ntchito yake bwino kwambiri.

Jabiri anagwada n'kumufunsa mwanayo chimene chinamupweteka. Shakila anayang'ana amayi ake, wonyadira kuti sanaiwale.

"Galu sanalowe, baba. Yandibaya ndi minga."

Mwina Jabiri anakhulupirira. Mwinanso anaona kuti kukhulupirira n'kopepuka kusiyana ndi kuvomera pamaso pa anthu a kumzikiti kuti anagunditsa mphumi pa dovu la galu. Anauza a Bwanausi kuti mkazi wake wasokonezeka ndi imfa ya galu wa bambo ake. A Bwanausi anali ndi makomo ena owadikira, ndipo anapitirira. Patapita kanthawi njinga zamoto zinalira pansewu n'kuzimirira.

Yunike sanalire. Anatenga chitenje, anabereka Shakila n'kumanga mfundo yolimba. Jabiri anaima pakhomo n'kulankhula motsitsa mawu kuti anthu asamve.

"Ukapita naye kuchipatala, wauza mudzi wonse kuti ndi zoona. Usabwererenso muno."

"Ndamva," anatero Yunike.

Ananyamuka wapansi, dzuwa likuswa mtengo. Nyumba, sofa, mwamuna, zonse anazisiya kumbuyo osacheuka, ndipo chisoni chinamugwira atafika kale kutali. Pamjigo wa m'mbali mwa njira anatsitsa mwanayo n'kupempha chikho kwa amayi amene ankatunga. Anamugwirira chikhocho pakamwa, maso ake ali pakhosi pa mwanayo.

Shakila anachikankha. Anati alibe ludzu.

"Imwa, mwanawe," anatero Yunike. "Imwa pang'ono chabe, ndione."